Kalata yotseguka kwa Wapampando wa Emoluments Commission: malipiro a antchito a boma ndi mitengo ya zinthu m'chigawo cha Kum'mawa

Madzimoyo, Chipata

Kwa Wapampando
Emoluments Commission
Lusaka

Olemekezeka a Wapampando,

Malipiro a antchito a boma m'Zambia amatsata mndandanda umodzi dziko lonse. Mphunzitsi wa sikelo imodzi amalandira malipiro oyambira ofanana kaya akuphunzitsa ku Kabulonga mu Lusaka, ku Kapata mu Chipata, kuno ku Madzimoyo kapena kwa Chitungulu m'chigwa cha Luangwa. N'chimodzimodzi anamwino, alangizi a zaulimi ndi alembi a m'makhoti. Dongosolo limeneli linakhazikika kwenikweni mu 2013, pamene boma la a Michael Sata linasonkhanitsa masikelo ambirimbiri amene analipo n'kuwaika pa mndandanda umodzi, kuti anthu a ntchito yolemera mofanana azilandira mofanana ngakhale ali m'maunduna osiyana.

Kusiyana kumene kulipo kumabwera ndi maalawansi. Pamwamba pa malipiro oyambira pamaikidwa ndalama ya nyumba, imene ndi 20 peresenti ya malipirowo kwa amene sanapatsidwe nyumba ya boma, ndiponso ndalama ya mayendedwe. Kenaka pali ndalama ziwiri zimene zimatsata malo: rural hardship allowance, ya 20 peresenti, kwa ogwira ntchito kumidzi, ndi remote hardship allowance, ya 25 peresenti, kwa amene ali kutali kwenikweni. Ndalama ziwirizi ndizo njira yaikulu imene boma limavomerezera kuti kugwira ntchito ku Lusaka ndi kugwira ntchito ku Vubwi si chinthu chimodzi. Vuto lake n'lakuti zimayeza mtunda, pamene chimene chimadya malipiro a munthu ndi mitengo ya zinthu pamalo amene akukhala.

Nkhaniyi ikupita ku Emoluments Commission chifukwa malamulo aakulu a dziko, monga anasinthidwira mu 2016, pamodzi ndi Emoluments Commission Act ya 2022, anaika m'manja mwa bungweli udindo woona malipiro a onse olipidwa ndi ndalama za boma. Mabungwe a antchito, monga ZNUT, BETUZ, SESTUZ ndi CSAWUZ, amakhala pansi ndi boma chaka ndi chaka, koma zokambirana zawo kawirikawiri zimathera pa funso limodzi, loti malipiro akwere ndi zingati. Funso la kumene kwachayo ikagwiritsidwe ntchito silipeza mpata patebulo limenelo. Komishoni ndiyo ili ndi mphamvu ndi nthawi yoliona modekha.

Mndandanda umodzi uli ndi ubwino wake, ndipo suyenera kugwetsedwa. Kuyambira nthawi ya a Kenneth Kaunda, wantchito wa boma amatumizidwa kulikonse m'dziko: wobadwira ku Mongu amaphunzitsa ku Chadiza, wa ku Petauke amakagwira ntchito ku Mansa. Zimenezi zinathandiza kumanga dziko, ndipo zimatheka chifukwa munthu akasamutsidwa sataya malipiro ake oyambira kapena penshoni yake. Malipiro oyambira atagawidwa potsata zigawo, aliyense angathamangire chigawo cholipira kwambiri, ndipo ana a zigawo zosauka ndiwo angatsale opanda aphunzitsi. Koma dongosolo lomweli lili ndi zotsatira zimene anthu a m'maofesi amaziiwala. Wantchito wotumizidwa kumudzi nthawi zambiri amakhala mlendo. Alibe munda wa makolo, alibe nkhokwe, alibe mbale womubwereka ngolo. Akafuna kulima amayamba wapempha malo kwa anyakwawa kapena kubwereka munda wolipira. Choncho mawu akuti kumudzi chakudya n'chaulere sam'khudza iye.

Zimene zimadziwika za mitengo zimachokera m'malo awiri. Bungwe la Zambia Statistics Agency limatulutsa mwezi ndi mwezi kakweredwe ka mitengo m'chigawo chilichonse. Bungwe la Jesuit Centre for Theological Reflection, lodziwika ndi dzina lakuti JCTR, limawerengera ndalama zimene banja la anthu asanu limafunika pamwezi kuti lidye mokwanira ndi kupeza zofunika zina, ndipo limachita zimenezi ku Lusaka ndi m'matauni ena, kuphatikizapo Chipata. Mu 2024 chiwerengero cha ku Lusaka chinapitirira K10,000 pamwezi, ndalama imene aphunzitsi ndi anamwino ambiri saiona pa payslip yawo. Ziwerengero za JCTR zimaonetsa kuti Lusaka ndi wodula kuposa matauni ambiri a m'zigawo. Pamenepa ena amafulumira kugamula kuti wa ku Lusaka ndiye ali pamavuto, wa kuchigawo ali pabwino. Chigamulo chimenecho chimalumpha mfundo imodzi: chiwerengero cha Chipata ndi cha misika ya m'tauni ya Chipata, ndipo sichinena kanthu za munthu amene ali kwa Mwanya kapena ku Msoro.

M'chigawo cha Kum'mawa muli malo a mitundu itatu, ndipo mtundu uliwonse umadya malipiro m'njira yakeyake.

Woyamba ndi tauni. Chipata anakhala mzinda mu February 2017, ndipo ndiye likulu la chigawo, khomo la ku Malawi kudzera pa Mwami, ndi njira ya alendo opita ku Mfuwe. Amalonda, mabungwe omwe si a boma ndi maofesi a chigawo onse amapikisana pa nyumba zomwezo. Wantchito wa m'tauni chimamupweteka ndi lendi. Nyumba ya madzi ndi magetsi ku Kalongwezi kapena ku Moth siikwanitsidwa ndi 20 peresenti ya malipiro a mphunzitsi wa pulayimale, ndiye ambiri amapezeka m'makomboni monga Mchini, Nabvutika ndi Magazine, m'zipinda ziwiri ndi banja lonse. Chilichonse amagula: unga, ndiwo, madzi, makala. M'chaka cha 2024, madzi atachepa ku Kariba ndipo magetsi akuzima maola ochuluka patsiku, thumba la makala linasanduka bilu ina ya mwezi ndi mwezi pamwamba pa ya ZESCO. Wantchito ameneyu salandira hardship allowance iliyonse, ndipo ndalama yake ya nyumba ndi yofanana ndi ya mnzake wa sikelo yomweyo amene ali pamalo pomwe lendi ndi yotsika.

Wachiwiri ndi malo akutali, ndipo apa m'pofunika kukhalitsa chifukwa m'pamene ziwerengero za boma zimasowa. Shuga wa ku Nakambala, simenti, saladi, sopo, feteleza ndi malata zimayenda makilomita oposa 550 pamsewu wa Great East, kuwoloka mlatho wa Luangwa, kuti zifike m'mashopu aakulu a ku Chipata. Kuchoka apo zimakwezedwanso pagalimoto yaing'ono kupita ku Lundazi, ku Lumezi, ku Chasefu, ku Vubwi kapena ku Mambwe, kenaka panjinga yamoto kapena pangolo mpaka pakantemba ka m'mudzi. Aliyense wozinyamula amaikapo yake. Botolo la saladi likamafika m'manja mwa mphunzitsi wa m'chigwa limakhala ladutsa m'manja ambiri, ndipo iye ndiye amalipira onsewo. Chifukwa choti ogula ambiri kumeneko ndi osauka, katundu amagulitsidwa m'timapaketi ting'onoting'ono, ndipo aliyense wogula shuga wa pasupuni kapena unga wa pamela amadziwa kuti pakutha pa mwezi walipira koposa amene anagula thumba lathunthu.

Mafuta ndi chitsanzo chabwino cha mmene lamulo lofanana limabalira zosiyana. Kuyambira 2010, Energy Regulation Board imaika mtengo umodzi wa petulo ndi dizilo pa filling station iliyonse m'dziko, ndipo kuyambira 2022 mtengowo umaunikidwa mwezi ndi mwezi. Lita ya ku Chipata ndi yofanana ndi ya ku Lusaka. Koma mtengo umenewo umathera pampope. Kumene kulibe filling station mafuta amagulidwa m'mabotolo ndi m'zigubu m'mbali mwa msewu, pamtengo umene wogulitsa wafuna, ndipo mtengo wa njinga yamoto yonyamula anthu umatsata mafuta a m'botolowo. Chigayo cha dizilo nachonso chimatero.

Pali zina zimene sizilembedwa pamndandanda uliwonse wa mitengo. Malipiro amalowa kubanki, ndipo banki ili kuboma. Ndalama za pafoni zachepetsa ulendowu, koma zimafuna netiweki ndiponso wothandizira amene ali ndi ndalama m'kabati tsiku limenelo, ndipo kutumiza ndi kutapa kulikonse kuli ndi mtengo wake. Pepala lililonse la ntchito, la tchuthi, la kukwezedwa kapena la kukonza cholakwika pa payslip, limafuna ulendo wa kuofesi ya boma, nthawi zina ndi malo ogona. Mwana akafika sekondale amapita kusukulu yogonera komweko kapena kukakhala ndi achibale m'tauni. Mabanja ambiri a antchito a kumidzi ali ndi makomo awiri, lina kuntchito, lina kutauni kumene kuli mkazi kapena mwamuna ndi ana, ndipo malipiro amodzi amaphika miphika iwiri. Matenda akakula, ulendo ndi wa ku Chipata Central Hospital, ku St Francis ku Katete, ku Mwami kapena ku Kamoto, ndipo nthawi ya dzinja mitsinje ikadzaza madera ena a m'chigwa cha Luangwa safikika ndi galimoto kwa masabata. Kumeneko wolima kamunda kake amagawana chimanga ndi njovu.

Chakudya cha kumudzi chimatsika mtengo kwa miyezi yochepa chabe. Kuyambira April mpaka July chimanga, mtedza, kachewere ndi nyemba zimapezeka pakhomo, ndipo amene ali ndi ndalama m'manja amagula meda pamtengo wabwino. Ogula a m'matauni akadutsa ndi masikelo awo, mbewu zimatuluka m'midzi. Pofika January ndi February chimanga chomwecho chimabwerera ngati unga wa m'matumba, chitakwera. Chilala chimene a Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza kuti ndi tsoka la dziko pa 29 February 2024 chinaonetsa zimenezi poyera: m'midzi munalibe chogula, thumba la unga wa breakfast la makilogalamu 25 linadutsa K300 m'malo ambiri, ndipo unga wotsika mtengo wa Zambia National Service unkapezeka msanga m'matauni kusiyana ndi kumidzi. Maboma a m'malire, Chipata, Vubwi, Chadiza ndi Lundazi, ali ndi chinanso. Njala kapena kusowa kwa katundu kukagwa ku Malawi kapena ku Mozambique, ogula a kutsidya amawoloka, ndipo mitengo ya kuno imatsata msika wa mayiko atatu. Izi si mlandu wa anansi, amene ndi abale a mtundu umodzi ndi chinenero chimodzi. Ndi mmene malonda a m'malire amayendera, ndipo wokonza malipiro ayenera kuzidziwa.

Mtundu wachitatu ndi malo a pakati, monga Madzimoyo, Mtenguleni, Msekera ndi masukulu ndi zipatala zambiri zimene zazungulira Chipata, Katete ndi Petauke. Madzimoyo ndi malo akale: mishoni ya Dutch Reformed Church inakhazikika pano mu 1903, patapita zaka zinayi chiyambire ya ku Magwero, ndipo aphunzitsi akhala akugwira ntchito kuno zaka zoposa zana. Malo otere sali kutali kwenikweni, komanso si tauni. Nyumba za aphunzitsi ndi anamwino n'zochepa poyerekeza ndi antchito, ndipo nyumba zabwino za lendi m'midzi yozungulira sizipezeka wamba. Wantchito amasankha pakati pa ziwiri: kukhala m'nyumba yopanda madzi ndi magetsi pafupi ndi ntchito, kapena kuchita lendi ku Chipata n'kumalipira galimoto m'mawa ndi madzulo. Wosankha chachiwiri amalipira lendi ya m'tauni ndi mayendedwe a kumudzi nthawi imodzi. Ndipo m'malo a pakati amenewa ndi mmene mumadutsa mzere wolekanitsa olandira hardship allowance ndi osalandira.

Mzere umenewu ndiwo chilema choyamba cha dongosolo la lero. Malo amayenerera ndalamayi potsata kutalika kwake kuchokera kuboma ndi kuzinthu monga banki, positi ofesi ndi polisi. Amene ali kunja kwa mzere amalandira 20 peresenti yonse, amene ali mkati salandira kanthu, ngakhale masukulu awiriwo atatalikirana makilomita awiri okha, akumwa chitsime chimodzi ndi kugula pamsika umodzi. Kumbali ina, kusiyana kwa rural ndi remote ndi 5 peresenti basi. Sukulu ya m'mbali mwa tara, kumene mabasi a ku Lusaka amadutsa tsiku lonse, ndi sukulu imene imafikika poyenda pansi tsiku lathunthu m'dzinja zimasiyana ndi kandalama kosakwana ulendo umodzi wa kuboma. Munthu wanzeru zake akapatsidwa mwayi amasankha malo amene angotuluka pang'ono kunja kwa mzere, ndipo malo ovutitsitsa amakhalabe opanda anthu.

Kafukufuku amene a Grieve Chelwa ndi anzawo anasindikiza mu 2019, poyerekeza masukulu a mbali ziwiri za mzerewu, anapeza kuti lamulo la mtunda silitsatidwa mofanana m'zigawo zonse. Anapezanso zizindikiro, zosalimba kwenikweni, zoti ndalamayi imachulukitsako aphunzitsi pasukulu, koma sanapeze kusintha pa zotsatira za mayeso a ana. Tanthauzo lake si loti ndalamayi ichotsedwe. Ndi loti boma likuwononga ndalama zambiri pa chinthu chimene sichinakonzedwe bwino kuti chigwire ntchito imene chinapangidwira.

Chilema chachiwiri ndi maboma atsopano. Vubwi ndi Sinda anakhala maboma mu 2012. Kasenengwa, Chipangali, Lumezi, Chasefu ndi Lusangazi mu 2018. Kubweretsa boma pafupi ndi anthu n'kwabwino, koma chilengezo sichimanga banki, filling station kapena msewu. Anthu a ku Kasenengwa ndi ku Chipangali amagulabe katundu wambiri ku Chipata, a ku Lumezi ndi ku Chasefu ku Lundazi. Mtunda ukayezedwa kuchokera pa chikwangwani cha boma latsopano, malo amene dzulo anali kutali amaoneka pafupi papepala, pamene mtengo wa sopo ndi ulendo wa kuchipatala sizinasinthe.

Chachitatu ndi peresenti. Mavuto a malo sasankha udindo. Mtengo wa njinga yamoto yopita kuboma ndi umodzi kwa mphunzitsi wamkulu ndi kwa wosesa kuchipatala. Koma ndalama ikawerengedwa pa peresenti, wa malipiro oyambira a K5,000 amalandira K1,000, wa K15,000 amalandira K3,000, pamsewu womwewo ndi mtsinje womwewo. Amene ali ndi galimoto yake ndiye amapatsidwa zambiri zolimbanira ndi mtunda. Boma lenilenilo laonetsa kale kuti limamvetsa mfundoyi. Litakweza malipiro ndi 12 peresenti mu 2022 ndi 10.5 peresenti mu 2023, linasintha n'kupereka ndalama yofanana kwa onse, K550 mu 2024 ndi K500 mu 2025, ndipo otsika ndiwo anapindula koposa poyerekeza ndi malipiro awo. Nzeru yomweyo ikufunika pa ndalama za malo. Tisaiwalenso kuti pakutha pa 2024 mitengo inali ikukwera ndi 16 peresenti ndi kupitirira pachaka, ndiye kwa ambiri zowonjezerazo zinatha zisanafike pamsika.

Chachinayi ndi chakuti ndalamayi nthawi zina imatsata dzina m'malo motsata malo. M'kaundula wa malipiro wa PMEC munthu aliyense ali ndi malo amene malipiro ake amatulukira, ndipo malowo si nthawi zonse amakhala kumene iye akugwira ntchito. Malipoti a Auditor General akhala akutchula mobwerezabwereza za antchito olandira rural ndi remote hardship allowance ali m'malo osayenerera. Mbali ina ya nkhani yomweyo simveka kwambiri: alipo amene ali kumudzi kwenikweni koma dzina lawo lili pa malo a m'tauni, ndipo salandira kanthu. Kwacha iliyonse yopita kwa wosayenera yachotsedwa m'thumba la amene akugona m'nyumba yodontha.

Kukula kwa nkhaniyi kunaonekera mu 2022, pamene boma linayambitsa maphunziro aulere ndi kulemba ntchito aphunzitsi 30,496 ndi antchito a zaumoyo 11,276. Chinali chinthu chachikulu, ndipo masukulu ambiri a kumidzi anaona aphunzitsi atsopano kwa nthawi yoyamba patapita zaka. Koma kutumiza munthu n'kosavuta poyerekeza ndi kumusunga. Wachinyamata wofika pasukulu yopanda nyumba, n'kumagona m'kalasi kapena m'ofesi podikira ndalama yake yokhazikikira, amayamba kulemba kalata yopempha kusamuka chaka chisanathe. Ena amalowa ngongole. Makampani obwereketsa amadula ndalama zawo pa payslip malipiro asanafike kwa mwini, ndipo ngakhale pali lamulo loti wantchito atsale ndi gawo la malipiro ake, kaloba wa m'komboni ndi wa pamsika salidziwa lamulo limenelo. Mphunzitsi wa ngongole amakhala pamsewu kufunafuna ndalama, ndipo kalasi imakhala yokha. Amene amalipira mapeto ake ndi ana a alimi. Kafukufuku wa boma wa 2022 wa kakhalidwe ka anthu anapeza kuti 78.8 peresenti ya anthu a kumidzi ndi osauka, poyerekeza ndi 31.9 peresenti m'matauni. Anthu amenewa alibe sukulu ina kapena chipatala china chothawirako kupatula cha boma.

Antchito a makhonsolo ali ndi kusiyana kwa mtundu wina. Masikelo awo ndi ofanana papepala, koma khonsolo ya mzinda imatolera ndalama zambiri za nyumba, misika ndi malaisensi, pamene ya kumudzi imadalira kwambiri Local Government Equalisation Fund. Ndalama imeneyo ikachedwa, malipiro a antchito ena amachedwa nawo, ndipo malipiro ochedwa ndi malipiro ochepa, chifukwa mwini wake amakhala atakongola kale pa chiwongoladzanja.

Mayiko ena anakumana ndi funso lomweli. Ku Britain antchito ambiri a zaumoyo a boma ali pa mndandanda umodzi, koma a mkati mwa London amawonjezeredwa 20 peresenti, a kunja kwake 15 peresenti, a m'mphepete 5 peresenti, ndipo pali malire a pansi ndi a pamwamba kuti otsika asatsale ndipo okwera asatenge zochuluka. Ku Kenya ndalama ya nyumba imasiyana potsata gulu la tauni, Nairobi ali pamwamba, ndipo ndalama ya malo ovuta ndi ina payokha. Chitsanzo cha pafupi chili m'Zambia momwemuno. Mu 2003 boma, mothandizidwa ndi dziko la Netherlands, linayambitsa dongosolo losungira madokotala kumidzi, limene linagawa maboma m'magulu anayi, A mpaka D, ndipo opita kumalo ovutitsitsa ankalandira zambiri. Ndiye kuti kugawa malo m'masitepe si chinthu chachilendo kwa akatswiri a ku Cabinet Office ndi ku Unduna wa Zaumoyo.

Yankho limene limabwera msanga ndi loti ndalama palibe. Yankholi lili ndi maziko. Antchito a boma amakumbukira zaka za 2014 ndi 2015 pamene malipiro anaimitsidwa osakwera. Dziko linalephera kubweza ngongole zake zakunja mu November 2020, ndipo mu August 2022 linalowa m'pangano ndi IMF. Malipiro amatenga gawo lalikulu la misonkho, ndipo mlimi wa soya wa ku Chipangali, amene salandira payslip, naye ali ndi ufulu wofunsa kuti ndalama za boma zikupita kuti. Koma zambiri zimene zikufunika pano ndi kugawa bwino ndalama imene ikutuluka kale. Ndiponso dongosolo la lero lili ndi mtengo wake wobisika: kusamutsa anthu kosatha, malo a ntchito opanda eni, ndi makalasi a ana ochuluka m'masukulu akutali pamene ena a m'tauni ali ndi aphunzitsi opitirira muyezo.

Choyamba chimene Komishoni ingachite ndi kuyeza. Ipemphe Zambia Statistics Agency kuti izitolera mitengo ya zinthu zofunika boma ndi boma, ndipo m'boma lililonse itengeko misika ya kumidzi, m'nyengo ya zokolola ndi m'nyengo ya njala, pamodzi ndi lendi ndi mtengo wa ulendo wa kubanki ndi kuchipatala chachikulu. JCTR yachita ntchito yofanana nayo kwa zaka zambiri ndipo ili ndi luso loti igawane. Popanda ziwerengero zotere, mkangano wa pakati pa wa m'tauni ndi wa kumudzi umangokhala wa mawu, aliyense akuona kuti mnzake ndiye ali pabwino.

Ziwerengero zikapezeka, magulu awiri a lero asinthidwe kukhala masitepe angapo, kuti malo a pakati asagwere kunja ndipo malo ovutitsitsa alandire ndalama yooneka. Poika malo pa sitepe, nthawi ya ulendo m'dzinja iwerengedwe koposa makilomita a pamapu, ndipo boma latsopano lisatengedwe ngati tauni mpaka zinthu za tauni zitafikadi. Ndalama ya malo ikhale ya makwacha ofanana kwa onse ogwira ntchito pamalo amodzi, kapena ikhale ndi malire a pansi ndi a pamwamba, ndipo iziunikidwa mitengo ikasintha. Imangiriridwe pa sukulu kapena pa chipatala, kuti wofika aziyamba kulandira mwezi womwewo ndipo wochoka aziisiya pomwepo. Ndalama ya nyumba itsate lendi ya malo. Ndipo nyumba yopanda madzi, yopanda chimbudzi chabwino kapena ya denga lodontha isawerengedwe ngati nyumba ya boma yolanditsa munthu alawansi yake.

Nyumba zenizenizo ndi mankhwala okhalitsa kuposa alawansi iliyonse. Constituency Development Fund inakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022, ndipo yapitirira K30 miliyoni kuyambira 2024. Makalasi ndi madesiki ambiri atuluka m'ndalama imeneyi. Komishoni siiyendetsa CDF, koma mawu ake angamveke ku Unduna wa Maboma Aang'ono itanena kuti chipinda chilichonse chophunziriramo kapena chipatala chatsopano chizibwera ndi nyumba ya wantchito, mjigo ndi magetsi a dzuwa, chifukwa zimenezi zimachepetsa ndalama imene boma liyenera kulipira munthu kuti akhale pamalopo.

Chotsiriza ndi chosafuna ndalama konse. Mndandanda wa malo onse a ntchito, gulu limene aikidwamo ndi chifukwa chake, usindikizidwe ndi kupachikidwa pa ofesi ya zamaphunziro ya DEBS, ya zaumoyo ndi ya District Commissioner m'boma lililonse, ndipo pakhale njira yodandaulira ndi tsiku loyankhira. Lero wantchito amangoona kuti alawansi yachoka kapena yabwera pa payslip, osadziwa amene anayeza ndi kumene anayambira kuyeza.

A Wapampando, zokambirana za malipiro zimachitika chaka chilichonse, ndipo chaka chilichonse nkhani ya malo imasiyidwira chaka chamawa. Pempho la kalata ino ndi loti Komishoni itumize anthu ake ku chigawo cha Kum'mawa m'mwezi wa February, mvula ili mkati, akafike ku Chipata, ku Madzimoyo, ku Vubwi ndi m'chigwa cha Lumezi, akamve kwa antchito eni ake ndi kulemba mitengo imene akaipeze, ndipo zotsatira zake zikhale patebulo zokambirana zotsatira zisanayambe.

Mwaulemu,

Nzika ya ku Madzimoyo
Chipata